Zipolopolo zothamanga za pisitolo pa mamita 100

Akuluakulu amene mumadzipangira nokha zipolopolo, ndithandizeni nzeru. Ndimawombera chandamale ndi pisitolo ya .357 Magnum ndipo ndikufunitsitsa kufika pa mamita 100, koma chipolopolo cholemera 158 grain (grain ndi muyezo wa kulemera kwa chipolopolo) chikumagwera m'munsi. Kodi ndisinthire ku 125 grain chomwe chimathamanga kwambiri, kapena chimenecho mphepo izichikankha mosavuta? Nanga wonga woyaka pang'onopang'ono ngati H110 umapinduladi pa mpope wa mfuti wa mainchesi 6? Muyezo wa wonga wolembedwa m'buku la kapangidwe ka zipolopolo sindikufuna kuudumpha ngakhale pang'ono, poti malire a mphamvu ya kuphulika m'kati mwa mfuti, omwe linaika bungwe loona za miyezo ya zipolopolo la SAAMI, ndi 35,000 psi. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi ichi: primer (kachitsulo koyatsira wonga kumbuyo kwa chigoba) ikaphwatalala, chigoba n'kumakanirira potulutsa, ndiye kuti ndapyola kale malire? Amene mumayeza liwiro ndi chronograph, mwaonapo zotani?