Kodi "outcome-based education" n'chiyani pa uinjiniya wamagetsi?

Mayi wa ku Chinamwali:
Mwana wanga akuphunzira uinjiniya wamagetsi ku yunivesite. Chibwerereni ku holide, pakamwa ndi "outcome-based education" basi. Ine wogulitsa tomato mumsika wa Zomba, zandipitirira. N'chiyani chimenechi, abale?

Wa ku Matawale:
Mayi, aphunzitsi amayamba alemba zimene mwanayo ayenera kudzatha kuchita pomaliza digiri, monga kuwerengera kukula kwa thiransifoma yokwanira chigayo. Maphunziro ndi mayeso zimatsata pamenepo, osati kungoloweza manotsi. Mayiko a m'pangano la Washington Accord la 1989, kuphatikizapo South Africa, amaunika madigiri a uinjiniya motere.

Mkulu wa ku Sadzi:
Komatu labu ikakhala yopanda zipangizo, zonsezi zimathera papepala. Tamufunsani ngati anagwirapo multimeter, kachipangizo koyezera magetsi.

Mayi wa ku Chinamwali:
Akuti anagwirapo. Ndamuonetsa soketi yathu yothetheka ija, wayamba n'kuzimitsa magetsi a nyumba yonse.