Njinga ya magiya 21 yakanika zitunda za Leopards Hill, mwini ali ndi K700

Zulu, Bauleni
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali madala ena, kasitomala wanga wakalekale, amakhala kumafamu a msewu wa Leopards Hill. M'mawa amabwera ndi makireti awiri a tomato ndi repu kudzagulitsa kuno ku Bauleni, madzulo amabwerera ndi thumba la ufa kapena chakudya cha nkhuku. Njinga ndi ya mapiri yakale, ya salaula, fulemu yachitsulo, matayala 26. Kutsogolo magiya atatu, a mano 48-38-28, kumbuyo asanu ndi awiri, 14-28. Akuti mawondo atha, pa chitunda chilichonse akutsika n'kumakankha. Mwana wawo wawaonetsa pa foni njinga za giya imodzi kutsogolo, khwimbi kumbuyo, ndiye mtima wakhazikika pomwepo. Ali ndi K700, ndalama ya ntchito yanga ili momwemo. Sindikufuna kuwabweza, bambowa anandipirira pamene ndinkaphunzira kumata machubu.

Kelvin, Kalingalinga
Ine yanga ndinatero. Chotsani ziwiri kutsogolo, musiye ya pakatiyo, kumbuyo muike kaseti, mulu wa magiya wongolowetsa, ya mano 11-42. Chitunda chimasanduka bwalo la mpira.

Mbewe, Matero
Kelvin mwana wanga, uziyamba wafunsa chimene chili pa gudumu. A Zulu, mwati giya yaing'ono kumbuyo ili ndi mano 14. Imeneyo ikundinunkhira fuliwilo, mulu wa magiya wochita kupotokolera pa habu, pachimake pa gudumu paja, osati kaseti. Chotsani gudumu, muzungulitse magiyawo chobwerera m'mbuyo, maso ali pakati pomwe pamalowa chida chomasulira. Timizere ta pakatipo tikangoima magiya akuyenda, ndi fuliwilo. Tikamayendera limodzi, ndi kaseti.

Zulu, Bauleni
Ndaona madala. Tangoima chilili.

Mbewe, Matero
Ndiye za Kelvin zathera pomwepo. Kaseti siikhala pa habu imeneyo. Pafunika habu ina, kumanganso gudumu masipoko onse, derailleur ina (kachida kokankha tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina), shifta ina (chosinthira magiya pa handulo), tcheni chopyapyala. K700 siingafike ngakhale pakati pa ulendo. Ndipo bambowo sakusowa magiya ambiri ayi. Pa 21 amene ali nawo akusowa imodzi yokha, yopepuka ya pa chitunda.

Sakala, Chawama
Tiyeni tiwerengere, pakamwa pasatinamize. Tayala la 26 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.07. Pano giya yawo yopepukitsitsa ndi 28 kutsogolo, 28 kumbuyo, ndiye akapalasa kamodzi gudumu lazungulira kamodzi, mamita 2.07, katundu yense ali pa keliyala. Ya Kelvin, 38 kutsogolo ndi 42 kumbuyo, ikupereka 1.87. Koma mukangoika mano 34 kumbuyo n'kusiya 28 yawo yomweyo kutsogolo, ikutsika kufika 1.70. Yotchipayo ikupepuka kuposa yodulayo. Kelvin, iwe sunyamula tomato, ndipo mawondo ako akadali atsopano.

Kelvin, Kalingalinga
Ndamva akulu, sindinawerengere chonchi.

Amayi Tembo, Kamwala
Chimene mukufuna a Zulu ndi fuliwilo ya Shimano ija amati MegaRange, 14-34, ya magiya asanu ndi awiri. Mano ake ndi 14, 16, 18, 20, 22, 24, kenako imalumpha mpaka 34. Asanu ndi limodzi oyambawo ndi omwe aja a pa 14-28, kusiyana ndi yomalizayo basi, ndiye shifta yawo ikhalabe yomweyo. Tcheni cha magiya 6, 7 ndi 8 ndi chimodzi, sichivuta kupeza. Chimene mundiuze ndi derailleur ilipoyo. Zina zakale zimalekera pa mano 28. Tourney yaitali mkono, TY300, imafika pa 34 ndipo imameza kusiyana kwa mano mpaka 43, kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi. Inu muli ndi 48 kuchotsa 28, ndi 20, kumbuyo 34 kuchotsa 14, ndi 20 inanso, zonse 40. Ikukwana.
Chonde pogula muzigwira ndi manja. Zachuluka zolembedwa dzina koma chitsulo chake chofewa ngati chitini, mwezi umodzi mano apindika. Muizungulitse pafupi ndi khutu, izimveka bwino tiki-tiki, isamagwedezeke m'mbali.

Zulu, Bauleni
Zikomo amayi. Derailleur ilipo ndi yaifupi, timagudumu take tatha mano tasanduka ngati mabatani, ndiye ipite ndithu. Koma ndapeza lina. Fuliwilo inakakamira, ndachita kumanga chida pa vayisi n'kuzungulitsa gudumu lonse ngati chiwongolero cha minibasi, mpaka yalira khwa! Nditasolola ekiselo n'kuigubuduza pa galasi la tebulo, ikuyenda modumphadumpha. Yapindika mbali ya magiya. Koni, nati yosongoka imene mabelingi amagubudukirapo, ya mbali yomweyo ili ndi timaenje, girizi ndi dothi lofiira lokhalokha.

Mbewe, Matero
Ndimayembekezera. Limeneli ndi matenda a habu ya fuliwilo. Kuti magiya asanu ndi awiri akwane, mabelingi a mbali ya kumanja amakhala mkati kwambiri, ndiye ekiselo imatuluka mtunda wautali popanda choigwiririza. Munthu akakhala pamwamba, thumba la makilo 25 kumbuyo, n'kugwa m'dzenje, imapindikira pomwepo, mawa lake yathyoka. Pa habu ya kaseti mabelingi amakhala kunja pafupi ndi fulemu, n'chifukwa chake imalimba. Ngati ekiselo ilipoyo ndi yobowoka mkati, ya kachogwirira kotsegulira msanga, ichotseni muike yachitsulo chathunthu ya manati. Koni yatsopano, mabelingi asanu ndi anayi mbali iliyonse, girizi wambiri. Musaiwongole ndi hamala yakaleyo a Zulu, ndinayesapo pa njinga ya munthu wa malasha, inakathyokera kunjira ya ku Chongwe katundu ali pamwamba, mpaka lero zimandiwawa.
Ndipo popotokolera fuliwilo yatsopano mupake girizi pa mazinga, muyambe ndi manja pang'onopang'ono. Amene adzaimasule chaka chamawa ndinu nomwe.

Sakala, Chawama
Tcheni musachiyeze ndi chakalecho, chidzafupika. Chikulungeni pa 48 ndi pa 34 osadutsa mu derailleur, pomwe chakumana muwonjezere mfundo ziwiri. Tikudziwa kuti yaikulu ndi yaikulu sayendera, koma tsiku lina madalawo atatopa adzalowetsa ndithu, ndipo tcheni chikafupika chidzazula derailleur n'kuiponya m'masipoko.

Zulu, Bauleni
Ndamanga zonse. Magiya asanu ndi limodzi akulowa bwino, koma pa 34 kagudumu kam'mwamba kakugunda mano, gu-gu-gu, ndipo nthawi zina tcheni chikukana kukwera.

Amayi Tembo, Kamwala
Kumbuyo kwa derailleur kuli kasikuluwu kokankha pa fulemu, kaja amati B. Kalowetseni mpaka kagudumuko katalikirane ndi mano pang'ono. Kuchoka pa 24 kupita pa 34 ndi mano khumi nthawi imodzi, pamafunika mpata.

Mbewe, Matero
Musanagwire sikuluwu iliyonse, imani kumbuyo kwa njinga muyang'ane. Timagudumu tiwirito tili mzere umodzi ndi giya, kapena tapendekera mkati? Njinga yonyamula makireti imagwa kawirikawiri, ndipo imagwera mbali imeneyo. Poti fulemu ndi yachitsulo, kakhutu kopachikapo derailleur mungakawongole ndi shifiting'i sipanala, pang'onopang'ono. Ikanakhala ya aluminiyamu ndikanakuletsani, imathyoka. Mukawongola ndiye muchune kasikuluwu ka L ka pa derailleur kuti tcheni chisadumphire m'masipoko, B pomalizira.

Zulu, Bauleni
Madala munalasa. Kanali kopendekera mkati, ndi maso okha kumaoneka. Ndawongola, ndaikanso kebulo yatsopano poti yakale inali ndi dzimbiri mkati mwa chikopa, ndachuna L ndi B monga munanenera. Tsopano ikukwera pa 34 osalira.
Mwini wake wabwera dzulo madzulo. Poyamba nkhope inagwa ataona kuti kutsogolo akadali atatu omwe aja. Ndinawauza amangirire thumba lawo la ufa, ine ndinatenga yanga, tinapita limodzi mpaka pa chitunda chimene amatsikira masiku onse. Ndinawafuulira kuti alowetse yaikuluyo chitunda chisanayambe, afewetse phazi posinthapo. Anakwera ali chikhalire pa chishalo mpaka pamwamba, anaima, n'kuyang'ana kumbuyo kumene tachokera osanena kanthu. Kenako anandifunsa ngati yatsalako ndalama ya mabuleki, poti akumbuyo ayamba kudya limu.
Amayi Tembo, Loweruka nditumiza mnyamata, mundisungire mapeyala awiri a mabuleki a V.