Kodi makanema a zigawenga a ku India akuwaphunzitsa chiyani ana athu?

Mayi wa ku Nchalo:
Abale anga, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawadziwa makanema amenewa. Mwana wanga wa Sitandade 6 akapeza kandalama amakakathera ku vidiyo sho pamsika, ndipo dzulo ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe atagwira chitsononkho ngati mfuti, akutsanzira mayendedwe a mtsogoleri wa zigawenga. Kodi ndimuletse, kapena muli phunziro limene ine sindikuliona?

Mphunzitsi wa ku Bangula:
Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Komabe makanema abwino a mtunduwu amafunsa kuti munthu amafika bwanji pa uchigawenga. Mu Deewaar ya 1975, Amitabh Bachchan amasewera ngati mwana wa mtsogoleri wa anthu apantchito amene anakakamizidwa kupereka anzake kwa mabwana, ndipo anthu okwiya anamulemba mwanayo pamkono kuti bambo ake ndi mbala. Anakula akupukuta nsapato, kenako n'kumanyamula katundu padoko la Bombay, kumene zigawenga zinkalanda gawo la malipiro a aliyense. Mng'ono wake anakhala wapolisi, ndipo ndi yemweyo amene anamuwombera, n'kukafera m'manja mwa mayi ake. Ine ndikaiona, mtima wanga umakhala pa mayiyo, amene anabereka onse awiri.

Bambo wa ku Ngabu:
Aphunzitsi anena zoona, ndipo ine ndiwonjezere za alendo m'mizinda. Nayakan ya 1987 imaonetsa Atamil osauka, anthu ochokera kummwera kwa India, okhala ku Dharavi mu Bombay, amene apolisi ankawazunza mpaka anayamba kudalira chigawenga cha mtundu wawo kuti chiziwateteza ndi kuwaweruzira milandu. Zimenezi zimandikumbutsa anyamata athu amene anakwera ku Blantyre madzi atasefukira mu 2015, opanda mbale wowalandira, chifukwa munthu wotero amakakamira aliyense amene wamupatsa pogona.

Agogo a ku Nsanje:
Ana anga, zonsezo ndi zoona kwa munthu wamkulu, koma mwana wa Sitandade 6 saona ulova kapena ziphuphu. Amaona galimoto, ndalama ndi anthu akumugwadira munthu wa mfuti. Gangs of Wasseypur ya 2012, yokamba za kulimbirana malasha ku Dhanbad ndi kubwezerana kwa mabanja mibadwo itatu, imapitirira maola asanu, ndipo si ya ana ngakhale pang'ono. Chinanso n'chakuti ena mwa omasulira m'Chichewa amasandutsa imfa kukhala nthabwala, moti holo yonse imaseka pamene mayi akulira maliro. Musangomuletsa, mayi, chifukwa adzapita mobisa, koma mudziwe kanema amene akuonetsedwa tsikulo.

Mayi wa ku Nchalo:
Zikomo nonse. Loweruka ndikaonana ndi mwini vidiyo shoyo, ndipo ngati Deewaar ali nayo, tikaionera limodzi ndi mwanayu mpaka kumapeto.