Zimene zinachitikira gulu la Giant

Pa funso lakuti gulu loimba hard rock la ku America la Giant linatha bwanji, tsopano ndapeza yankho. Gululi, lomwe linkatsogoleredwa ndi katswiri wa gitala Dann Huff pamodzi ndi mchimwene wake David pa ng'oma, linatchuka mu 1990 pamene nyimbo yawo ina inafika pa nambala 20 pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo zotchuka ku America. Chimbale chawo chachiwiri, Time to Burn, chomwe ine ndimachikonda kwambiri, chinatuluka mu 1992 anthu atatengeka kale ndi grunge, mtundu wina wa nyimbo za rock wochokera mumzinda wa Seattle, motero sichinayende malonda ndipo posakhalitsa gululi linabalalika. Dann anayamba kujambula nyimbo za oimba country mumzinda wa Nashville, kuphatikizapo Faith Hill ndi Keith Urban.