Alandilodi azula chitseko, ndikadandaule kuti popanda ndalama?

MaiTomato_Mchini:
Abale ndigawireni nzeru. Ndimakhala ku Mchini, mu Chipata muno, zipinda ziwiri, lendi K600 pamwezi, ndipo ndimagulitsa tomato pamsika wa Kapata. Mwana anagonekedwa m'chipatala, mpamba wonse unathera komweko, ndiye ndatsalira miyezi iwiri. Lachiwiri pochoka kumsika ndapeza alandilodi azula chitseko, atenganso matilesi ndi mbaula ati chikole. Pakhomo ndapachika chitenje, usiku ndimatsekapo ndi tebulo. Ngongole sindikukana ayi. Koma mnzanga akuti kukhoti samani ndi yolipira. Nanga wolephera lendi, ya samaniyo aitenga kuti?

MalumeWaKalongwezi:
Pepani amai. Zomwe achitazo lamulo silivomereza. Rent Act, Chapter 206 m'malamulo a Zambia, imati mwini nyumba sangatulutse munthu wa lendi popanda khoti kugamula, ndipo sangagwire katundu chifukwa cha ngongole ya lendi khoti lisanamulole. Kuzula chitseko ndi kukutulutsani komweko, kungoti mwanjira yokhota.

Pitani ku Legal Aid Board, ofesi yawo ilipo mu Chipata muno. Ntchito yawo ndi kuthandiza amene sangakwanitse loya, ndipo lamulo lawo la 2021 linavomerezanso maparaligo, anthu ophunzitsidwa kuthandiza pa zamalamulo koma si maloya. Akatchula za ndalama musachite manyazi, fotokozani m'mene zilili, pemphani akukhululukireni. Nyamulani NRC (chitupa chanu cha boma), mapepala akuchipatala, ndi mauthenga a Airtel Money ngati mumalipirira pafoni. Jambulani pakhomopo lero, asanabweze chitseko mwakachetechete n'kukana.

AgogoAMagazine:
Ine ndine landilodi, tinyumba titatu tomwe anandisiyira malemu amuna anga. Lendi yomweyo ndiyo ufa wanga, ndiyo mayunitsi a magetsi a ZESCO. Wina anandithawa usiku ndi miyezi inayi, mpaka lero. Ndiye musamatione ngati tonse ndife olemera. Koma kuzula chitseko pali mwana wodwala, iyayi, kumeneko n'kupanda umunthu. Inenso loya sindingamukwanitse. Malo aulere oti tikhale pansi, wina atilembere kuti uzipereka mwakutimwakuti, akanandipulumutsa ine ndemwe.

Kabaza_Nabvutika:
Amalume, zamalamulo mwanena bwino, koma kukomboni ndani amadziwa Chapter 206? Ine zitandichitikira ndinapita kwa acheyamani, iwo ndi alandilodi amamwera limodzi, mlandu unathera pa “mwana wanga, ingosamuka”. Ndinakweza katundu panjinga, maulendo atatu.

Anthu amati kandalama kolembetsera ku Legal Aid n'kochepa. Kochepa kwa ndani? Tsiku lomwe wakhala pabenchi kudikira, njinga yaima, tomato akuwola, ndiye kuti walipira kale. Akawonjezerapo ngakhale K50, ambiri sitipita n'komwe, ndipo alandilodi ankhanza amadziwa zimenezo. Thandizo limeneli lizikhala laulere basi kwa ife apansi, ofuna kulipira apite kwa maloya m'tauni.

MaiTomato_Mchini:
Zikomo nonse. Zithunzi ndajambula, mauthenga a lendi ndawapeza kuyambira Febuluwale. Agogo, mwandikhudza, ndipempha kuti ndizipereka K200 pa sabata mpaka ngongole ithe, bola abweze chitseko ndi matilesi kaye. Mawa ndilawirira ku Legal Aid, pamsika ndasiyira mlamu wanga. Kodi amalume, mwana ndingapite naye? Ndilibe womusiyira, akadali pa mankhwala.