Chest freezer ya R600a anaithira 134a, kompresa ikuotcha, ndiyambire pati?

Mmisiri wa ku Mchesi: Akuluakulu thandizeni msanga. Chest freezer ya mayi ogulitsa nsomba, pa plate palembedwa kuti gasi woziziritsa ndi R600a, 72g. Wina anaigwirapo kale, wasiya piercing valve (valve yobowola paipi) pa process tube (kapaipi kothirira gasi pa kompresa), mwini wake akuti anathira gasi wa botolo la buluu, ndiye 134a basi. Kompresa ikuotcha dzanja osakhazikapo, ikukoka 1.6A, overload (choteteza kompresa) ikudula pakangotha mphindi khumi, presha ya pa suction (paipi yobwezera gasi ku kompresa) ndi 12 psi. Mayunitsi akuti akutha ngati akuphikira hotplate. Nditulutse gasiyo ndingothira 600a, kapena kompresa yapita kale? Nsomba zili mu cooler box, za mawa palibe.

Madala a ku Limbe: Zimitsani kaye, musaiyatsenso. Kompresa ya 600a silinda yake ndi yaikulu, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya 134a ya mphamvu yomweyo, chifukwa isobutane ndi gasi wa presha yotsika. Mukaithira 134a, mota imasenza katundu woposa msinkhu wake, ndiwo ma amps mukuonawo. Chachiwiri ndi oilo. Zambiri za 600a zimabwera ndi oilo wa mineral, pomwe 134a imayenda ndi oilo wa mtundu wina wotchedwa POE. Mineral sasakanikirana ndi 134a, amatsalira mu evaporator (mapaipi oziziritsa a m'kati) ndi mu capillary (kapaipi kakang'ono kopititsa gasi ku evaporator) osabwerera ku kompresa. Yezani ma ohm a ma winding (mawaya a mota) pa mapini atatu a C, R ndi S kompresa itazizira: C-R kuphatikiza C-S zifanane ndi R-S, ndipo ku body kusawerenge kanthu. Ngati zili choncho ikhoza kupulumuka.

Wa ma aircon ku Mzuzu: Achimwene musavutike. Chotsani kompresayo muike ya 134a, 1/5 HP, drier (sefa yoyamwa chinyezi) yatsopano, muthire. Gasi wa 600 ndi woyaka, ndi wa pa chitofu uja.

Madala a ku Limbe: Ayi bwana, si wa pa chitofu. Wophikira ndi wosakaniza propane ndi butane, ali ndi chinyezi komanso mankhwala a fungo aja, amawononga oilo. R600a ya mufiriji ndi isobutane yoyeretsedwa. Kuyaka imayakadi, nchifukwa chake m'mafiriji a panyumba sapitirira 150g. Apa ndi 72g.

Mayi wa ma cold room ku Kanengo: Chomwe ndagwira ine ndi mawu oti "nditulutse". Mutulutsira kuti? 134a GWP yake (mphamvu yotenthetsa dziko poyerekeza ndi carbon dioxide) ndi 1430, 600a ndi 3 yokha. Ngati munthuyo anathira 150g, mukaiphwetsera kumwamba ndi chimodzimodzi makilogalamu oposa 200 a carbon dioxide, kuchokera mu firiji imodzi ya nsomba. Ikokereni mu recovery cylinder, botolo losungiramo gasi wochotsedwa mu firiji. Koma chenjerani, simukudziwa ngati anapanga vacuum (kukoka mpweya wonse mu system) asanathire, mwina muli 600a wotsalira. Musauike m'botolo lanu la 134a yabwino, mudzawononga yonse. Pezani botolo lapadera, lembanipo kuti ndi wosakanizika, musadzaze kupitirira 80%. Makina okokerawo akhale oyenera gasi woyaka, ndipo ntchitoyo muchitire panja, kutali ndi mbaula ndi jenereta.

Mmisiri wa ku Mchesi: Ma winding ali bwino, ku body zero... ndikutanthauza sikuwerenga. Recovery ndibwereka. Kenako?

Madala a ku Limbe: Piercing valve ichoke, mphira wake umauma nkuyamba kutaya gasi, mwinanso ndi pomwe vuto linayambira. Dulani ndi tube cutter, osati ndi moto. Pitirizani nayitrojeni mu system musanayatse tochi, chifukwa isobutane imabisala mu oilo nkumatuluka pang'onopang'ono, lawi limabuka pomwe mukuwotcherera. Uzirani capillary ndi nayitrojeni mpaka mumve mpweya ukutuluka bwino mbali inayo, drier muike yatsopano. Kenako presha ya nayitrojeni, low side (mbali ya presha yotsika) musapitirire zomwe zalembedwa pa plate chifukwa mapaipi a m'kati ndi opyapyala, thovu la sopo pa joint iliyonse. Pajatu gasi woyamba sanathe yekha, pali pomwe anatulukira. Mukapanda kupapeza mudzabwereranso mwezi wamawa. Oxygen kapena mpweya wa kompresa ya matayala musayerekeze.

Wa ma aircon ku Mzuzu: Ntchito yonseyi pa firiji imodzi? Ya 134a mumathira mukuyang'ana geji, chisanu chikafika pa suction mwatseka. Palibe za sikelo.

Mayi wa ma cold room ku Kanengo: Kuthira kwa geji ndi chisanuko ndi kumene kwafikitsa firijiyi pamenepa. 600a imawira pa -11.7°C, ndiye evaporator ikafika -25°C suction imakhala pansi pa zero, mu vacuum. Wozolowera 134a akaona singano ili pansi amati gasi wachepa, nkumangowonjezera. Pa 72g, magalamu 10 okha opitirira ndi ochuluka: kompresa siipuma, suction imachita thukuta mpaka pa kompresa, mayunitsi nkumapita. Sikelo ya magalamu, 72 ndendende, ndipo muwerengere wotsala mu hose. Chinanso, popeza low side imakhala mu vacuum, pakabowoka imayamwa mpweya ndi chinyezi, capillary nkumatseka ndi ayezi.

Wachinyamata wa ku Zomba: Pepani ndilowererepo. Vacuum pump yanga siifika 30 pa geji, imaima pa 26. Yatha?

Madala a ku Limbe: Mwina ayi mwana wanga. Lilongwe ndi Blantyre zili pamwamba pa mamita 1,000, Zomba siisiyana kwenikweni, kumtunda chonchi presha ya mpweya imakhala yotsika, ndiye geji wamba imathera cha pa 26 kapena 27 ngakhale pump ili yatsopano. Gulani micron gauge, geji yoyezera vacuum bwinobwino. Tsikani mpaka ma micron 500, tsekani valve, dikirani mphindi khumi. Ikakwera nkuima pali chinyezi, ikamangokwera osaima pali pobowoka. Oilo wa pump musinthe akayamba kuoneka ngati mkaka.

Wa ma aircon ku Mzuzu: Ine ndikuti 134a ikupezeka paliponse, kasitomala akufuna kuzizira basi.

Mayi wa ma cold room ku Kanengo: Ikupezeka lero. Pangano la ku Kigali la 2016 likuchepetsa magasi onse a gulu la HFC, ngati 134a, 410A ndi 404A yomwe GWP yake ndi 3922, monga gasi wakale wa R22 akuthera pofika 2030. Ndipo ya paliponseyo muzionetsetsa botolo lake. Mu 2011 makontena ozizira a m'sitima anaphulika chifukwa cha 134a yachinyengo yosakaniza gasi wina wotchedwa R40, yomwe imadya aluminiyamu m'kati mwa kompresa.

Madala a ku Limbe: A Mchesi, mukamaliza muone mphira wa chivindikiro, mutsekerepo pepala, likamasolokamo mosavuta mphirayo watha. Firiji italikirane ndi khoma masentimita 10, fumbi lichoke pa kompresa, ndipo mayiwo agule fridge guard yodikira mphindi zosachepera zitatu magetsi akabwera.

Wachinyamata wa ku Zomba: Micron gauge yabwino ndi iti, ya Testo kapena ya Fieldpiece? Ndipo sensa yake mumatsuka ndi chiyani ikalowa oilo?