Handibuleki pa Datsun 120Y yoikidwa madisiki kumbuyo, ndithandizeni nzeru

Bambo a Mphatso, Chilenje:
Akuluakulu, ndili ndi Datsun 120Y ya 1976 imene anandisiyira malemu bambo anga. Makaniko wina anachotsa madramu a mabuleki akumbuyo n'kuika madisiki, koma makalipa (zitsulo zopanikiza mapadi pa disiki) amene anamanga ndi akutsogolo a galimoto ina, alibe pokoleka kebo. Pamsewu mabuleki akugwira bwino, vuto ndi poimika. Ndikakoka handibuleki imangobwera yopepuka mpaka m'mwamba, makebo anangowamangirira ndi waya kunsi. Panopa ndimaisiya m'giya, mwala pa tayala. Fitness, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera pamsewu, yatsala pang'ono kutha, ndipo ku RTSA, bungwe loona za pamsewu kuno ku Zambia, handibuleki amaiyesa. Makanikoyo akuti andiikire ya hayidiroliki ngati ya anyamata a drift. Marimu ndi a mainchesi 13. Ndivomere, kapena pali njira ina yosabwerera ku madramu?

A Tembo, Matero:
Achimwene, ya hayidiroliki ikaneni. Ija ndi yoseweretsa galimoto pakona, si yoimikira. Imadalira mafuta omwewo a mabuleki a phazi, ndiye mukaisiya yokoka usiku wonse mphamvu imatsika pang'onopang'ono, m'mawa mupeza galimoto yatsamira geti. Choopsa kwambiri n'chakuti paipi yakumbuyo ikaphulika mukutsika phiri la Munali, mabuleki akumbuyo a phazi ndi a dzanja athera limodzi. Kebo anaiika padera dala kuti mukhale ndi pothawira.

Sakani makalipa akumbuyo enieni, okhala ndi kamkono kokokedwa ndi kebo. A Golf Mk3 kapena Mk4 ndi aang'ono, ndipo kwa ophwasula magalimoto sasowa. M'kati mwa pisitoni muli chomangira cha mazinga, kamkono kakakokedwa chimakankha mapadi popanda mafuta. Pogula gwedezani kamkonoko ndi dzanja, kazibwerera kokha. Kakakhala kouma ndi dzimbiri asiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo. Poika mapadi pisitoni yake imalowa mozunguza, mukaipanikiza ndi kilampu mwaipha. Komanso wakumanja ndi wakumanzere ndi osiyana: kabawuti kotulutsira mpweya kakhale pamwamba, kupanda apo mudzapopa mpaka mwendo kutopa pedulo ili yofewa.

Agogo Zulu, Kabwata:
Mwana wanga, madramu analakwa chiyani? 120Y sikwana n'komwe tani imodzi, ndipo ntchito yaikulu yoimitsa imagwiridwa ndi matayala akutsogolo. Tinkapita nazo ku Chipata zodzaza katundu, handibuleki ikugwira gwa. Ngati zitsulo zakale sanazigulitse kwa ogula zitsulo zotha, bwezeretsani.

Bambo a Mphatso:
Agogo, ndakafunsa, akuti zinapita kale.

Chikondi wa ma Cressida:
Toyota Mark II ndi Subaru zili ndi kadramu kakang'ono m'kati mwa disiki, ka handibuleki yokha. Kamagwira kuposa makalipa a kamkono.

A Tembo:
N'zoona kamagwira, koma kamafuna mbale yake yakumbuyo yonyamula mashuzi, ndipo disiki yake ndi yaikulu. M'rimu la 13 mungavutike pachabe. Pali njira inanso, kuwonjezera kalipa kakang'ono ka kebo yokha, ngati ka Wilwood, n'kusiya omwe alipowo. Koma n'koitanitsa kunja, ndiye muwerengere dola.

Amake Dalitso, Kamwala:
Malume, mwalawo musautaye msanga, ndiwo wakhulupirika kuposa makaniko wanu. Koma kunena zoona, pakhomo pali ana, musazengereze.

A Banda, Garden:
Ine ndine wowotcherera. Bulaketi yonyamula kalipa musalole kuti ailumikize ndi tizidutswa. Idulidwe pa chitsulo chimodzi chochindikala, imangidwe ndi mabawuti olimba a 10.9, osati ogula pamulu. Jambulani kaye pa katoni, muyese pagalimoto, kenako mudule. Makebo asakhudze ekizozi kapena kupindika kwambiri, ndipo chogawira chapakati chija chikhalepo kuti mbali zonse zizikoka mofanana.

A Tembo:
Ndifunsenso, mukayenda pang'ono madisiki akumbuyo akumatentha?

Bambo a Mphatso:
Eya, kungochoka ku Chilenje kufika ku Kafue roundabout marimu akumbuyo amakhala otentha, kafungo ka mapadi kakumveka. Madisikinso ndi ochindikala, a mphako pakati.

A Tembo:
Zinthu ziwiri pamenepo. Masitala silinda (mpope wokankha mafuta mukaponda pedulo) zambiri za magalimoto a madramu zili ndi kavavu kosunga mphamvu pang'ono m'paipi. Madramu amakafuna, koma pa disiki kamachititsa mapadi kukhudza disikiyo nthawi zonse. Akaone ngati kalimo, akachotse kumbali yakumbuyo. Kachiwiri, madisiki anuwo ndi akutsogolo. Makalipa a Golf amalowa pa disiki yopyapyala ya mamilimita 9 kapena 10, ndiye madisiki asinthidwanso. Mabowo a mabawuti a tayala pa Datsun ndi 4x114.3 (mabowo anayi pa bwalo la mamilimita 114.3) pomwe Golf Mk3 ya mabowo anayi ndi 4x100, choncho mukatenga madisiki a Golf mabowo akaboole a makina osula zitsulo, osati ndi dirilo yapamanja. Makalipa aakulu amene muli nawowo angathenso kutseka matayala akumbuyo akutsogolo asanagwire, mvula ikayamba galimoto n'kukutembenukirani. Yesani m'lifupi mwa disiki, kuchindikala kwake ndi mpata wotsala m'kati mwa rimu, mutumize manambala ndi chithunzi musanagule kanthu.